Zikomo wanga anapeza agogo atagona kale

Uthenga unandipeza ndili pa makina, ndikupinda masiketi a yunifolomu. Unali mwezi wa Juni 2017, kuzizira kuja kwa Harare kumene zala zimakanika ndi kulowetsa ulusi komwe m'singano. Pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a chigwirizano panalembedwa kuti agogo aja a kalasi atisiya usiku, maliro ali ku Tafara. Ndinachotsa phazi pa chopondera n'kungoti duu. Misozi inachedwa, manyazi ndiwo anayamba kufika. Kuchokera pa kashopu kanga ku Mabvuku kukafika pakhomo pawo ndi ulendo wapansi wosakwana ola limodzi, koma ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikudziuza kuti ndipita Loweruka likubwerali.

Ine ndinabadwira konkuno mu 1984. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Anadzera ku Tete, nadzagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba za azungu, ndipo kumudzi sanabwererenso. Anakhala mtchona ngati anzawo ambiri amene anadzaza Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Mbare. Ife ana awo ndi adzukulu tinakula ndi malilime atatu: Chichewa m'nyumba, Chishona pabwalo, Chingerezi m'kalasi. Chichewacho chinali cha pakamwa chabe. Kusukulu kwathu panalibe amene akanatiphunzitsa kuchiwerenga.

Amene anatiphunzitsa ndi agogo a kalasi aja, mkulu wa mpingo wathu wa CCAP. Usiku ankalondera pa fakitale ina ku Msasa, masana a Loweruka n'kutisonkhanitsa ana khumi ndi angapo pa mabenchi a kuseri kwa tchalitchi. Mabuku anali awiri okha, Buku Lopatulika ndi Nyimbo za Mulungu, onse atawakutira ndi pepala la pulasitiki la shuga kuti asanyowe. Chimene ndimachionabe mpaka lero ndi chala chawo, chokhala ndi chikhadabo chong'ambika pakati, chikuyenda pang'onopang'ono pansi pa mzere, n'kuima pamene mwana wapunthwa. Sankakwapula. Ankangoimitsa chala n'kudikira.

Vuto lathu lalikulu linali "l". Chishona chimene tinkalankhula pabwalo chilibe chilembo chimenechi, ndiye ife tinkati tikamawerenga timvekere "Murungu anati". Tsono murungu m'Chishona ndi mzungu. Agogo ankavula magalasi n'kufunsa mofatsa kuti, "Iwe mwana, ukupemphera kwa ndani? Kwa bwana wa ku Highlands kapena kwa Mulungu?" Tinkaseka mpaka kugwa pa benchi, iwo n'kutibwereza: lilime likhudze kumwamba kwa mkamwa, Mu-lu-ngu. Nditafika zaka khumi ndi chimodzi anandikhazika pansi ndi agogo anga aakazi kuti ndiwalembere kalata yopita kwa mchemwali wawo ku Dedza. Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, ndipo ndinaliwerenga ndine, agogo akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ngati mukuwerenga zimene ndalemba panozi, ndi chifukwa cha chala chija.

Pamaliro ndinagwira ntchito ngati aliyense. Ndinatunga madzi pa mjigo, pakuti kuno mipopi inauma kalekale, ndinaphika nawo nsima, ndinaimba usiku wonse. M'mawa mwana wawo wamkazi anandikokera pambali n'kunena kuti, "Achemwali, bambo ankakufunsanitu. Ankati mwana uja wa zilembo zokongola ali kuti masiku ano, akumasokabe?" Sananene mondidzudzula ayi. Koma ine mawuwo anandilasa pamtima, ndipo mwambi uja woti zengerezu adalinda kwawukwawu ndinaumvetsa tsiku limenelo nditagwira chidebe cha madzi.

Nditabwerera ku shopu ndinatenga buku la malisiti, kuchikuto chakumbuyo n'kulembako anthu amene popanda iwo sindikanakhala chomwe ndili. Ndinkayesa adzaza tsamba. Anatuluka atatu, ndipo woyambayo tinali titangomuika m'manda.

Wachiwiri anali Madamu anga a Giredi 7, mayi wa Chishona wochokera cha ku Masvingo. Munali mu 1997. Bambo anga anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo ine ndinalibe setifiketi ya kubadwa. Popanda pepala limenelo kulembetsa mayeso a Giredi 7 kunali kovuta, ndipo ana ambiri a kwathu kuno sukulu inathera pomwepo. Mayi anga chitupa chawo chinali ndi chilembo chija cha "A", chosonyeza kuti ndi mlendo, ngakhale anabadwira ku Salisbury komweku. Ankaopa maofesi ngati moto. M'kalasi namo munali zake. Anzanga akafuna kundikhumudwitsa ankanditcha mubhurandaya kapena mubwidi, mayina onyozera anthu ochokera ku Malawi, n'kumayeserera kuvina gule kumbuyo kwanga.

Tsiku lina Madamu anamva. Sanakalipe. Anafufuta masamu pa bolodi, najambula mapu: Zambezi apa, Tete apa, nyanja yaitali apa. Kenaka anandiimiritsa kutsogolo kuti ndiphunzitse kalasi yonse moni wa kwathu. Ana makumi anayi ndi mphambu anayankha pamodzi kuti "Ndili bwino, kaya inu", Madamu nawonso akuyankha nawo, lilime likuwapotoka. Mawondo ankandinjenjemera, koma kuyambira tsiku limenelo Chichewa changa sindinachibisenso.

Za setifiketi anazitenga ngati zawo. Analemba kalata ya ku sukulu, anatituma kukafukula khadi langa la ku sikelo m'sutukesi ya malemu bambo, anafunafuna mboni. Katatu konse anapita ndi mayi ku ofesi ya m'tauni, akumanyamuka kusanache kuti akagwire mzere, ndalama ya basi akulipira okha. Ulendo woyamba anabwezedwa, wachiwirinso anabwezedwa. Wachitatu mayi anabwera ndi pepala atalimangirira m'kansalu pachifuwa. Lero zinthu zinasinthako. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amati munthu amene anabadwira muno malamulowo asanatuluke, kholo lake likuchokera m'dziko la SADC, iye n'kumakhala muno, ndi nzika yobadwa, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Koma mu 1997 chimene ndinali nacho ndi mphunzitsi mmodzi amene anakhulupirira kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Kuwapeza kunanditengera masabata asanu. Ndinayambira ku sukulu. Akalaliki anati anapuma ntchito kalekale ndipo nambala ya munthu sangangoipereka kwa aliyense, zimene ndinaona kuti n'zoona ndithu. Ndinasiya kakalata kokhala ndi nambala yanga, kuti akapezeka wowadziwa akawapatse. Pa Facebook ndinafufuza usiku atatu osaphula kanthu, poti anthu a msinkhu wawo ambiri kulibeko. Njira inatsegukira pa makina pomwepa. Ndinakumbukira kuti Lachinayi Madamu ankathamangira ku msonkhano wa amayi a Methodist atavala bulauzi yofiira, ndiye mayi aliyense wobweretsa nsalu yofiira kuti ndimusokere ndinkamufunsa. Wachinayi ndiye anawomba m'manja n'kunena kuti amawadziwa, akukhala ndi mwana wawo ku Zengeza, ku Chitungwiza. Inu amene mukufunafuna mphunzitsi wanu wakale, musatangwanike ndi foni yokha. Funsani ku mpingo kumene ankapemphera, ku sosayiti ya maliro, kwa aphunzitsi anzawo opuma. Akuluakulu amasungana m'malo amenewo.

Ndinaganiza nthawi yaitali za chonyamula. Ndalama zambiri ndinalibe, ndipo chaka chimenecho ndalama ya m'manja inkasowa, anthu akugona pa mizere ya ku banki. Ndinagula shuga wa makilogalamu awiri, botolo la mafuta ophikira, masamba a tiyi ndi buledi. Kenaka ndinasankha chitenje chabwino koposa chimene ndinali nacho, cha buluu wa maluwa achikasu, n'kusoka diresi. Muyeso ndinangoganizira, potengera mayi wojintcha amene ndinkamukumbukira ataima pa bolodi. Mwamwayi ndinaponya m'chikwama tepi, choko, lumo, singano ndi ulusi.

Ndinakwera kombi ya m'tauni, n'kukasintha pa siteji ya Charge Office. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawapeza atakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa peyala, akusankha nyemba ndi zala osati ndi maso, chifukwa maso onse awiri anali atachita ng'ala. Mayi wojintcha uja anali atatha, mikono ngati bango. Ndinagwada, ndinawomba m'manja mwa Chishona monga amachitira amayi, n'kutchula dzina langa ndi chaka.

Sanandikumbukire.

Izi ndikuzinena kuti wina asadzakhumudwe n'kubwerera panjira. Munthu amene waphunzitsa ana makumi anayi chaka chilichonse kwa zaka zoposa makumi atatu sangasunge nkhope zonse. Iwe unali ndi Madamu mmodzi, iwo anali ndi ana oposa chikwi. Mawu akuti "munandithandiza kwambiri" akanawalandira mwaulemu, koma sakanawafika pamtima. Ndiye ndinayamba kufotokoza chinthucho monga chinachitikira: mapu a pa bolodi, moni wa Chichewa, maulendo atatu a kusanache, pepala m'kansalu. Nditatchula za mzere wa ku ofesi, zala zawo zinaima m'nyemba muja. Anati, "Mayi ako ankavala duku wobiriwira. Tinagawana chimanga chootcha chimodzi pa mzere, iwo akukana kuti aphunzitsi sangadye ndi ine." Ndinati, "Ndi omwewo, Madamu. Anatisiya mu 2011." Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, kundipapasa masaya ngati akuwerenga, n'kunena m'Chichewa chopotoka chija kuti, "Muli bwanji?" Apo ndiye tonse tinalira. Ndinati, "Maita basa, Madamu. Zikomo. Ndachedwa zaka makumi awiri, koma ndabwera."

Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Anandiuza za 2008, pamene malipiro a mwezi wathunthu ankatha mphamvu munthu asanatuluke pa mzere wa ku banki, masukulu ambiri n'kungokhala otseka, aphunzitsi anzawo akuwolokera ku South Africa ndi ku Botswana kukagwira maganyu. Iwo anatsala, akumagulitsa tomato pa geti. Ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse zinasanduka mapepala, aja anafika mpaka pa 100 trillion kumayambiriro kwa 2009. Koma chimene chinkawapweteka koposa, anatero, si umphawi ayi. Ankati akagona usiku ankadzifunsa ngati choko chonse chimene anapuma chija chinapindulira munthu. Ndinali wachiwiri kubwera. Woyamba anali kondakitala wa kombi amene anawazindikira pa siteji, ndipo mpaka lero akakwera yake salola kuti alipire.

Diresi linali lalikulu moti akanalowamo awiri. Ndinawaimiritsa pakhonde, mwana wawo atawagwira mkono, ndinayeza, ndinalemba ndi choko, n'kukhala pa mkeka pomwepo kulibweza ndi manja. Ola lathunthu ndikusoka, iwo akusisita nsaluyo n'kumandifunsa mtundu wa maluwa. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti ola limenelo linaposa shuga ndi mafuta. Ankamva ndi manja awo ntchito imene mwana wawo wa Giredi 7 amadyera.

Pali zina zimene ndinaphunzira pa ulendowu zimene ndingauze mnzanga. Osapita ndi pempho m'thumba. Ukathokoza kenaka n'kupempha kalata ya umboni kapena malo a mwana wako ku sukulu, zikomo uja wasanduka chiphuphu. Osapitanso kukaonetsa kuti zinakuyendera. Mnzanga wina atamva nkhaniyi anafuna kuti tipite gulu ndi galimoto, tikajambule zithunzi zoika pa Facebook. Ndinakana, chifukwa mayi amene anali waulemu wake pamaso pa tauni yonse sangakondwe kuti dziko liwaone atakhala pa mkeka ndi maso oyera. Za ndalama, m'manja mwa mphunzitsi wako siuikamo ngati ukulipira ganyu. Ine ndinafunsa mwana wawo kuseri kuti chikusowa kwenikweni n'chiyani. Anati madokotala ananena kuti ng'ala ija ikhoza kuchotsedwa, koma zolipira ndi zoyendera zinawakanika. Sindinalonjeze kanthu pamenepo, poopa kulonjeza chimene sindingakwanitse. Ndinangobwerera n'kuyamba kusaka anzanga a kalasi ija. Tinapezana asanu ndi anayi, wina ku Johannesburg, wina ku Blantyre, ena konkuno, aliyense n'kuponya kangachepe pa EcoCash ya mwana wawoyo, njira ya kuno yotumizira ndalama pa foni. Diso limodzi linachitidwa opaleshoni chaka chotsatira. Nditapitanso anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati maluwa aja ndi achikasudi.

Wachitatu pa chikuto chija ndiye anandivuta koposa, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Fomu 4 sinandiyendere. Ndinakhoza maphunziro atatu okha pamene pamafunika asanu kuti munthu apite patsogolo. Mu 2002 mayi anakandipereka kwa telala wina wa Chiyao wochokera ku Mangochi, amene ankasokera m'kachisakasa ka malata pafupi ndi mashopu. Munthu wosaseka, wovala kofia yoyera, wosadziwa kuyamikira. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba sanandilole kukhudza makina. Yanga inali mabatani, kupinda ndi manja ndi kukoleza makala a m'simbi. Nditayamba kusoka, ankatembenuza chovala kunsi, kuyang'ana msoko, n'kundibwezera ndi liwu limodzi: "Phwasula." Zipi imodzi ndinaiphwasula kasanu ndi kawiri tsiku limodzi, ndikulira. Iwo ankati kasitomala amaona kunja, mmisiri amaona mkati.

Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba ndi zisakasa zimene linkati n'zosaloledwa, kachisakasa kaja kanagwetsedwa pamodzi ndi zina zambirimbiri. Bambo aja anati akalamba, sangayambirenso, akupita kwawo. Anandisiyira makina awo a Singer, opondera, akuda aja, kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Ndinalipira theka. Kenaka ndalama inayamba kusungunuka, mayi anadwala, ndipo ndinaleka. Zaka zikamapita, ngongole ija inkakula mumtima mwanga mpaka ndinkaopa ngakhale kufunsa ngati ali moyo. Ndikuganiza kuti ambiri amene sitithokoza sikuti ndife osayamika. Pali kena kake kamene tinawalakwira, kapena sitinafike pamene iwo ankayembekezera, ndiye timabisala.

Ndinapita ku mzikiti kumene ankaswali Lachisanu, ndinadikira panja, n'kufunsa akuluakulu. Patatha masiku anandipezera nambala ya mdzukulu wawo. Ndinayamba ndatumiza ndalama yotsala ija, ndi kena pamwamba, kenaka ndinaimba. Mawu anga ndinali nditawakonza bwinobwino, koma nditangomva kutsokomola kwawo zonse zinabalalika. Ndinati, "Bambo, ndine mwana wanu wa ku Mabvuku. Ndinakulakwirani pa za makina. Koma dziwani kuti ana anga atatu aphunzira ndi makina amenewa, ndipo ndikaphwasula msoko ndimamva mawu anu." Kunali zii kwa kanthawi. Kenaka anati, "Mwanangu, ngongole ija ine ndinaiwala tsiku lomwe ndinakwera basi. Makinawo ukumathira mafuta?" Ndinati eya, Loweruka lililonse. Anati, "Basi, ndiye wandithokoza." Mdzukulu wawo anandilembera madzulo ake kuti agogo auza mudzi wonse kuti ali ndi mwana wawo telala ku Harare.

Kwa agogo a kalasi kunalibe foni yoimba. Ndinapita kwa mwana wawo uja n'kumuuza zonse zimene ndinayenera kuuza bambo ake, za chala, za kalata ya ku Dedza. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati pali ntchito imene ndingawathandize. Banja linkakonza zomanga chiliza, ndipo ankafuna mawu a pamwala akhale a Chichewa monga mwini wake akanafunira, koma mwa ana ndi adzukulu onse panalibe wodzidalira kulemba. Ndinalemba pa pepala mizere itatu: dzina lawo, kwawo kumene anachokera, ndi mawu akuti Mulungu awasunge mtumiki wake. Ndinaonjezapo matumba awiri a simenti.

Patatha sabata anandiimbira kuti wosema miyala wajambula kale ndi pensulo, ndikaone asanayambe kugoba. Ndinatseka shopu masana n'kuthamangira komweko. Mnyamatayo, wa Chishona, waulemu wake, anali atakonza chimene ankayesa kuti ndalakwitsa. Pamwala panalembedwa kuti "Murungu". Ndinamupempha kansanza konyowa, ndinafufuta chilembo chija ndekha, n'kulembapo "l". Kenaka ndinakoka njerwa, ndinakhala pambali pake, chala changa chili pansi pa mzere, mpaka anamaliza kugoba liwu lonselo.